Anthu apamwamba a ku London akafika ku Warsaw amatchedwa ndani?

Womasulira amene akutembenuza buku kapena filimu kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chipolishi amayenda bwinobwino mpaka atafika pa mawu onena za anthu apamwamba, aja ovala zodula, odziwana okhaokha, oitanidwa kumaphwando amene enafe timangowamvera mbiri. Pamenepo dzanja limayamba kulemera. Mawu alipo, ochuluka ndithu. Chingerezi chili ndi high society, the ton, the smart set, the upper crust, café society ndi jet set. Chipolishi chili ndi wyższe sfery, wielki świat, śmietanka towarzyska, socjeta, elita ndi salony. Wina angaganize kuti ntchito yake ndi yongotola limodzi uku n'kuliphatika ndi linzake uko. Koma lililonse mwa mawuwa linabadwa m'nyengo yake, lili ndi khomo lake limene anthu ankalowera, ndipo limaulula ngati wolankhulayo akusirira anthuwo, akuwaopa kapena akuwaseka. England ndi Poland sanayende njira imodzi, ndiye mawu awo sagwirana chanza msanga.

Msampha woyamba uli pa liwu lakuti society. Wophunzira akatsegula dikishonale amapeza społeczeństwo, ndipo n'zoona, limenelo ndilo liwu lonena za anthu onse a m'dziko, olemera ndi osauka omwe, monga aphunzitsi a za chikhalidwe amalankhulira. Koma society ya m'mabuku a Chingerezi nthawi zambiri si anthu onse ayi. Ndi kagulu ka anthu amene amachezerana, kudyera pamodzi ndi kukwatirana. Chipolishi chili ndi liwu lina la zimenezo, towarzystwo, lonena za anthu amene uli nawo limodzi, amene umayenda nawo. Wolemba wysokie społeczeństwo walemba mawu awiri olondola payekhapayekha, koma munthu wa ku Poland akawawerenga amadziwa nthawi yomweyo kuti womasulirayo anangokopera. Chimodzimodzi ndi smart set. Smart ameneyu sakunena za nzeru, akunena za kutchena. Amene wamasulira ngati gulu la anthu anzeru wasochera kutali, chifukwa anthu a m'gululo ankatchuka ndi zovala ndi maphwando, nkhani ya nzeru palibe ankaifunsa. Elegancki świat kapena modne towarzystwo ndiye mawu amene amayandikira.

Tiyeni tione kaye makomo a ku England ndi ku America, popeza womasulira amene sawadziwa sangasankhe bwino.

The ton ndi dzina la anthu apamwamba a ku London chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, makamaka kuyambira 1811 mpaka 1820 pamene mwana wa mfumu George III ankalamulira m'malo mwa bambo ake odwala. Linachokera ku Chifalansa, bon ton, kutanthauza khalidwe loyenera pakati pa anthu olemekezeka. Chuma chokha sichinkakulowetsa m'gululi. Pa King Street ku London panali nyumba yovinira ya Almack's, ndipo amayi ochepa a m'mabanja otchuka ndiwo ankasankha woyenera kupatsidwa chiphaso cholowera. Zinali ngati ukwati wa makhadi: ngakhale utanyamula mphatso yaikulu bwanji, ngati dzina lako palibe, pageti sudutsa. Atsikana a m'mabanja amenewa ankakaonetsedwa kwa mfumu kapena mfumukazi akafika msinkhu wokwatiwa, ndipo mwambowu unapitirira mpaka Mfumukazi Elizabeth II atauthetsa mu 1958. Liwuli linali litaiwalika kwa anthu ambiri, koma sewero la Bridgerton limene Netflix inayamba kuonetsa mu 2020 linalibwezeretsa m'makutu a dziko lonse, ndipo omasulira a zilankhulo zambiri anayenera kulimbana nalo.

Ku New York kunalibe mfumu, choncho anthu ankadziwerenga ndi manambala. Mu 1844 mlembi Nathaniel Parker Willis anatchula olemera a mumzindawo kuti upper ten thousand. Patapita zaka, Ward McAllister, mnzake wa Mayi Caroline Astor, ananena kuti anthu oyenera mu New York ndi 400 okha, ndipo mndandanda wa mayina unatuluka mu New York Times mu 1892. Kenako kunabwera café society, anthu amene sankabisalanso m'nyumba zawo koma ankadyera ndi kuvinira m'malo oonekera, kumene atolankhani akanawaona. Khomo linali likusuntha: poyamba magazi, kenako ndalama, kenako kuoneka.

Jet set ndi mwana wa ndege. Pa 2 May 1952 ndege ya Comet ya kampani ya BOAC inanyamuka ku London kupita ku Johannesburg, ulendo woyamba wa ndege ya jeti yonyamula anthu olipira. Inatera ku Rome, Beirut, Khartoum, Entebbe ndi Livingstone, kuno kwathu ku Zambia ya lero, ndipo ulendo wonse unatenga pafupifupi maola 24. Mu 1958 Pan Am inayamba kuulutsa Boeing 707 pakati pa New York ndi Paris. Tikiti inali yodula kwambiri moti amene ankatha kudya chamasana mumzinda wina n'kukavina usiku mumzinda wa dziko lina anali ochepa, ndipo manyuzipepala anawapatsa dzina lochokera ku ndegeyo. Munthu wa jet set akhoza kukhala mwana wa mfumu yochotsedwa pampando, mwini sitima zapamadzi kapena katswiri wa mafilimu. Chowagwirizanitsa chinali kuyenda.

Tsopano ku Poland. Dziko limeneli linali nawo anthu obadwira m'maudindo, szlachta, ndipo anali ambiri kuposa m'mayiko ena a ku Ulaya: olemba mbiri amati anali pakati pa 6 ndi 10 mwa anthu 100 alionse. Ambiri mwa iwo anali osauka, ena ankalima okha minda yawo, pamene pamwamba penipeni panali mabanja ochepa olemera koopsa monga Radziwiłł, Potocki, Czartoryski, Zamoyski ndi Lubomirski. Ndiye kukhala wa szlachta sikunkatanthauza kukhala wa gulu lotchena la mumzinda, ndipo womasulira amene amaika szlachta paliponse pamene Chingerezi chanena za high society amasokoneza zinthu ziwiri zosiyana.

Chachikulu n'chakuti dzikolo linafafanizidwa pamapu. Russia, Prussia ndi Austria analigawana mu 1772, 1793 ndi 1795. Mfumu yomaliza, Stanisław August Poniatowski, inatula pansi udindo mu 1795, ndipo kwa zaka 123 kunalibe dziko lodziimira palokha la Poland. Kuyambira pamenepo, pamene the ton inkazungulira nyumba yachifumu ku London, Warsaw, likulu la Poland, inalibe nyumba yachifumu yakeyake yoti anthu aizungulire. Amene ankafuna ulemu wa pabwalo la mfumu ankaupeza ku Vienna, ku Petersburg kapena ku Berlin, kwa omwe anagawana dziko lawo, ndipo zimenezo sizinkawapatsa dzina labwino pakati pa anzawo. Maphwando analipo, zipinda zochezeramo za olemekezeka zinalipo, Chifalansa chinkalankhulidwa kwambiri mmenemo. N'chifukwa chake mawu ambiri a Chipolishi a nkhaniyi ali ndi fungo la Paris: socjeta ndi société, wielki świat ndi grand monde, śmietanka ndi crème. Koma ulemu weniweni wa mtundu unkapita kwa ena, kwa inteligencja, aphunzitsi, madokotala, alembi ndi maloya amene ankasunga chilankhulo ndi chiyembekezo cha ufulu. Mwana aliyense wa sukulu ku Poland amawerenga Lalka, buku la Bolesław Prus la mu 1890, lonena za wamalonda wolemera amene akuyesetsa kulowa pakati pa olemekezeka a ku Warsaw chifukwa cha mkazi, ndipo olemekezekawo amaoneka aulesi, angongole ndi odzikuza. Umo ndi mmene wowerenga wa ku Poland amayambira kuwadziwa anthu apamwamba.

Ufulu utabwera mu 1918, malamulo a dziko a mu 1921 anakana maudindo obadwa nawo ndi mwayi uliwonse wochokera ku magazi. Komabe zaka za pakati pa nkhondo ziwiri zinali ndi gulu lake lowala. Linkakumana ku hotela ya Bristol ndi ya Europejski, ku malo omwera khofi a Ziemiańska, ndi ku Adria, malo ovinira amene anatsegulidwa mu 1931. Imeneyo ndiyo inali café society ya Warsaw, ndipo inakhala nthawi yochepa. Nkhondo ya 1939 mpaka 1945 inaiphwanya. Germany inkasaka dala anthu ophunzira ndi atsogoleri, Soviet Union inapha asilikali akuluakulu, apolisi ndi ophunzira pafupifupi 22,000 mu 1940 pa kuphana kodziwika ndi dzina la Katyń, Ayuda amene anali mbali yaikulu ya moyo wa mumzinda anaphedwa mwaunyinji, ndipo Warsaw yeniyeniyo inagwetsedwa pambuyo poti anthu a mumzindawo aukira ulamuliro wa Germany mu 1944. Chaka chomwecho, pa 6 September, boma latsopano lachikomyunizimu linalamula kuti minda ikuluikulu ilandidwe, m'madera ambiri iliyonse yopitirira mahekitala 50 olimidwa, ndipo eni ake anachotsedwa m'nyumba zawo.

Ndaima nthawi yaitali pa mbiriyi chifukwa ndi imene imafotokoza chinthu chimene dikishonale siinena. Ku England ulusi sunaduke: mabanja akale alipobe, mipikisano ya akavalo ya ku Ascot ikuchitikabe, ndipo munthu akhoza kunena kuti high society popanda kumwetulira. Ku Poland ulusi unaduka kangapo. Zotsatira zake n'zakuti mawu a Chipolishi onena za anthu apamwamba ambiri amamveka akale, ndipo otsalawo amamveka achipongwe. Liwu lapakati, losirira popanda kunyoza komanso losanunkha nkhungu, ndi losowa.

Lapafupi kwambiri ndi wyższe sfery, ndiye kuti magulu a pamwamba. Filimu ya ku America ya mu 1956 ya High Society inadziwika ku Poland ndi dzina lomweli. Ndi liwu lodalirika, silinyoza kwenikweni, koma ndi lozizira. Limanena za udindo ndi msinkhu, silinena za mafashoni. Nduna yokalamba yosapita kuphwando lililonse ikhoza kukhala ya wyższe sfery, pamene sikanakhala ya smart set. Wielki świat, dziko lalikulu, lili ndi kuwala kumene linzakelo likusowa. Ndi liwu la mtsikana wa m'tauni yaing'ono amene akulota za Paris, ndipo limagwira bwino ntchito pamene wolankhulayo ali kunja akusuzumira mkati.

Śmietanka towarzyska ndi limene ndimalikonda, ngakhale kuti limafuna kusamala. Śmietana ndi kirimu wowawasa amene amathira m'zakudya, pamene śmietanka ndi kirimu wosawawasa, mafuta aja amene amayandama pamwamba mkaka ukakhazikika. Choncho mawuwa akunena za amene ayandama pamwamba pa towarzystwo. Amafanana modabwitsa ndi upper crust, chikhokho cha pamwamba pa buledi, chifukwa onse awiri ndi mawu a kukhitchini ndipo onse awiri ali ndi kakumwetulira pang'ono. Mtolankhani angawagwiritse ntchito, wantchito wa m'nyumba angawagwiritse ntchito. Koma mayi wolemekezeka wa ku London wa mu 1813 sangadzitchule yekha kirimu. Munthu wa mkati satchula gulu lake ndi dzina lolitama, amangoti towarzystwo, ngati kuti kunja kwa iwo kulibenso anthu ena ochezeka nawo. Kudzikuza kwenikweni kumakhala m'kusawonjezera kanthu.

Socjeta limamveka lakale, ndipo kwa buku la nthawi ya the ton ukale umenewo ndi mwayi: ndi lalifupi, ndi lochokera ku Chifalansa monga ton yemweyo, ndipo limavala bwino zovala za nthawi imeneyo. Mukaliika m'nkhani ya lero limasanduka nthabwala. Elita ndi liwu limene womasulira wotopa amathawirako, ndipo ine ndimaona kuti ndi lofooka kuposa onse. Likhoza kunena za andale, asilikali, aphunzitsi a ku yunivesite kapena osewera mpira. Mulibe nyimbo, mulibe diresi, mulibe mpikisano woitanidwa. Salon, chipinda chochezeramo cha olemekezeka, nalo lasintha nkhope: kuyambira pambuyo pa 1989 lakhala mwala umene andale amagendera ophunzira ndi atolankhani otchuka a m'mizinda ikuluikulu, moti wowerenga wa lero akhoza kumva ndale pamene mlembi wa Chingerezi ankangonena za tiyi wa madzulo.

Bwanji osangosiya ton mmene lilili? Chifukwa Chipolishi chili nalo kale liwulo ndipo lili ndi ntchito zina. Ton ndi kamvekedwe ka mawu kapena ka nyimbo, dobry ton ndi khalidwe labwino, ndipo dziesięć ton ndi matani khumi a katundu. Palibe mwa zimenezi chonena za gulu la anthu. Makina omasulira amagwa pomwepa kawirikawiri, n'kusandutsa olemekezeka a ku London muyeso wa malasha.

Jet set ndiye amavuta mwa njira yakeyake. Ndege ya jeti m'Chipolishi ndi odrzutowiec, lochokera ku odrzut, kukankhira m'mbuyo, koma odrzuty ndi zinthu zokanidwa, zotsalira zimene fakitale yataya. Womasulira akayesa kupanga dzina la gulu kuchokera pamenepo, anthu osiririka aja amamveka ngati otayidwa. Komanso chinthucho kunalibe. Pa nthawi imene jet set inkauluka pakati pa Rome ndi New York, munthu wa ku Poland sankasunga pasipoti kunyumba. Ankaipempha ku boma pa ulendo uliwonse, akhoza kumanidwa, ndipo akabwerako ankaibweza. Zinali choncho mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Kampani ya ndege ya LOT inapeza majeti ake oyamba, a Tu-134 opangidwa ku Soviet Union, mu 1968. Apamwamba a nthawi imeneyo analipo, koma anali a mtundu wina: akuluakulu a chipani cholamula chachikomyunizimu, otchedwa nomenklatura, anthu a mabizinesi ang'onoang'ono otchedwa monyoza prywaciarze, ndi aliyense amene anali ndi madola ogulira zinthu za kunja m'masitolo a Pewex. Ana a mabwana ankatchedwa bananowa młodzież, achinyamata a nthochi, dzina limene linamveka kwambiri mu 1968 pamene boma linkanyoza ophunzira ochita zionetsero. Kwa ife amene nthochi zimapsera kuseri kwa nyumba zikhoza kudabwitsa, koma kumeneko nthochi inali chipatso chochokera kutali, chodyedwa ndi ochepa. Ngakhale liwu lakuti towarzystwo linakhala ndi mbale wake wolemera m'kamwa, towarzysz, dzina limene a chipani ankaitanirana.

Choncho jet set nthawi zambiri limangobwerekedwa, ndipo ndikuona kuti n'koyenera, pakuti chinthu chachilendo chingathe kusunga dzina lake lachilendo. Koma kubwereka kuli ndi mtengo wake. Dzina m'Chipolishi limasintha mathero malinga ndi ntchito yake m'chiganizo, ndipo masinthidwewo alipo 7. Wyższe sfery limasanduka z wyższych sfer kapena w wyższych sferach popanda vuto. Jet set limakhala jet setu, limene limamveka bwino, kenako o jet secie, limene diso limakana ngakhale kuti malamulo akulilola. Womasulira wochenjera amakonza chiganizo kuti asafike pamenepo. High life nalo linabwerekedwa kalekale, mpaka ena amalilemba hajlajf akafuna kuseka, ndipo m'Chipolishi limanena za anthuwo komanso za moyo wawo.

Pali chopinga china chimene owerenga mabuku sachiona. Pa wailesi yakanema ku Poland mafilimu ambiri akunja amawerengedwa ndi munthu mmodzi, lektor, amene mawu ake amamveka pamwamba pa mawu a osewera onse, amuna ndi akazi omwe, popanda kutengeka. Zomasulirazo ziyenera kukhala zazifupi kuti asatsalire. Mawu olembedwa pansi pa chithunzi nawo ali ndi malire, mizere iwiri ya zilembo pafupifupi 40 uliwonse. Ton ndi zilembo zitatu, śmietanka towarzyska ndi pafupifupi theka la mzere. Nthawi zambiri socjeta kapena śmietanka yekha amapambana chifukwa cha malo basi. Ndipo popeza lektor sasintha mawu kuti aonetse kunyoza kapena kusirira, liwu losankhidwalo liyenera kunyamula lokha maganizo a wolankhulayo.

Poland ya lero ili ndi mawu ake atsopano, ndipo pafupifupi onse amaluma. Warszawka, lolembedwa ndi chilembo chaching'ono, ndi Warsaw wochepetsedwa, kagulu ka odzionetsa a mu likulu monga anthu a m'madera ena amawaonera. Kraków nayo ili ndi krakówek. Celebryta ndi celebrytka ndi otchuka chifukwa chotchuka, oima pa ścianka, kakhoma ka zizindikiro za makampani kamene amajambulitsirapo zithunzi pa maphwando. Apa m'pamene liwu la Chingerezi lakuti socialite limasowa pogona. Lwica salonowa, mkango waukazi wa m'zipinda zochezera, ndi la agogo. Bywalczyni salonów, wosasowa m'zipinda zochezera, ndi lolondola koma lalitali. Celebrytka limatsitsa mwana wa banja lakale la ku New York n'kumuika pamzere umodzi ndi wopambana mpikisano wa pa kanema, chimene iye mwini akanachitenga ngati chitonzo.

Tiyerekeze chiganizo chimodzi chophweka, choti gulu lonse lidzakhalapo paphwando. Akachinena mayi wa ku London wa mu 1813 kwa mwana wake, ine ndingalembe Będzie całe towarzystwo. Akachinena wantchito wake kukhitchini, Będzie cała śmietanka. Akachilemba mtolankhani wa mu 1965 ponena za phwando la ku Monte Carlo, ndingasiye jet set mmene alili, ndipo mwina koyamba ndingawonjezere międzynarodowy, wa mayiko ambiri, kuti wowerenga agwire tanthauzo. Warszawka sindingaliike m'kamwa mwa Mngerezi ngakhale litakoma bwanji, chifukwa limanyamula munthuyo n'kukamutula m'mbali mwa mtsinje wa Vistula pamene nkhaniyo ikuchitikira pa Thames. Ndipo ngati buku lomwelo lagwiritsa ntchito the ton kambirimbiri ngati dzina la gulu limodzi lodziwika, womasulira asankhe liwu limodzi, socjeta kapena towarzystwo, alisunge m'mawu a wofotokoza nkhani kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, n'kumasintha pokhapokha pamene wolankhula wasintha.